Corolla yathu itayamba kufuka

Anandiuza ndi wakabaza. Tinali pamzere wolowera pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, nthawi yoweruka ija magalimoto amangosendera pang'ono n'kuimanso. Mnyamata wa njinga yamoto anadzipanikiza pakati pa ine ndi minibasi, n'kugogoda pagalasi langa. Ndinatsitsa ndikuyesa kuti mwina ndamutsekera njira.

"Bwana, mwatifukiza nawotu utsi kumbuyoku. Injini yanuyi ikumwa oyilo."

Anatero akumwetulira, n'kuzembera kutsogolo osadikira yankho.

Zoti ikumwa oyilo ndinkazidziwa. Kachigubu ka oyilo kanali katakhazikika m'buti, ndipo Loweruka lililonse ndinkayamba ndasolola dipisitiki ndisanalize injini. Koma nkhani ikafika poti anthu apamsewu azikuuza, ndiye kuti yatuluka m'nyumba. Nditafika pakhomo ku Area 25 ndinauza mwana wathu wamkulu kuti aponde mafuta, ine nditaima kumbuyo. Utsi wabuluu tolotolo mpaka pa zovala zomwe zinali pachingwe. Mayi akunyumba anangoima pakhonde atagwira m'chiuno. Sanayankhule, koma ndinamva zonse.

Galimoto yake

Ndi Toyota Corolla ija timangoti 110, ya 1998, injini ya 5A, magiya osintha ndi dzanja. Ndinaigula kwa bambo wina wopuma pantchito ya boma, amene naye anaiitanitsa ku Japan kale kwambiri. Penti yapadenga inawauka ndi dzuwa. Chitseko chakumbuyo kumanzere chimatsegukira kunja kokha, ndiye wokhala kumeneko amayenera kutsitsa galasi n'kupisa dzanja. Wailesi yake ndi ya ku Japan komweko, yolekeza pa 90, choncho mawayilesi ambiri akuno siiwagwira.

Koma sinandigonekepo panjira. Kwathu ndi ku Dedza, kupatukira kumanzere mukadutsa Linthipe, msewu wafumbi umene dzinja umasanduka phala. Yanyamula feteleza kupita, chimanga kubwera. Yathamangitsa odwala usiku. Batire ikafooka, anyamata awiri akankha, giya yachiwiri, kusiya kilachi, basi ulendo wayamba. Galimoto yotere siikupatsa ulemu pa ukwati, amakuimitsa kutali ndi tenti, koma pamaliro ndi imene amayamba kuitumiza.

Mlandu pakhomo

Mayi akunyumba maganizo awo anali atawakonza kalekale. "Bambo, galimotoyi yatitumikira, sindikukana. Koma ana akula. Tikamapita kumudzi mayi anu amakhala atapanikizika ndi katundu. Tipeze Sienta." Chinanso, iwo amayendetsa mkati mwa sabata, ndipo kuponda kilachi kuchokera ku Kanengo mpaka ku Old Town mumzere wam'mawa kunali kutawatopetsa mwendo. Ankafuna ya otomatiki.

Kenako analowererapo alamu anga, omwe amadziwa chilichonse chokhudza magalimoto ngakhale kuti yawo nthawi zambiri imakhala ili ku galaja. Tsiku lililonse zithunzi pa WhatsApp: Sienta yasiliva, Honda Freed, Nissan Note, zonse zonyezimira, zitaima pamalo osesedwa bwino ku Japan. Ndipo anali ndi mfundo imodzi imene inandisowetsa tulo. "Alamu, ndalama zomwe mukufuna kuthira m'chigalimoto ichi zikufanana ndi mtengo wake womwe. Mukati muigulitse mawa, ndalamazo simuzionanso. Ndani amamanga denga la malata atsopano pa zipupa zoti zigwa?"

Mfundoyi imamveka yanzeru, ndipo anthu ambiri amagamula nayo mlandu wa galimoto zawo. Amatenga ndalama yokonzera, n'kuiyerekeza ndi imene angapeze atagulitsa galimotoyo. Ikayandikira, amati gulitsani. Ine ndinkaona kuti penapake pali polakwika, koma sindinkatha kuloza kuti ndi pati.

Masamu a dola

Ndinayamba ndi kuwerengera Sienta ija bwinobwino. Mtengo umene umalembedwa ndi manambala akuluakulu pa intaneti ndi wa galimoto ili ku Japan. Pamwamba pake pamabwera ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, ya padoko, ya ejenti, ya dalaivala ndi mafuta ake kudutsa ku Mbeya kufika pa Songwe. Pa Songwe pali a MRA, ndipo msonkho wawo umayang'ana chaka cha galimoto ndi kukula kwa injini. Ikatsika ku Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Kasungu mpaka kufika kuno, sinathe: kulembetsa ku Road Traffic, mapuleti, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi. Nthawi zambiri pamakhalanso matayala, chifukwa ena amabwera ndi matayala a m'chipale chofewa omwe pa phula lotentha lathuli sachedwa kutha.

Gawo lalikulu la zimenezi limawerengedwa mu dola. Aliyense akukumbukira zomwe zinachitika: mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Umenewonso ndi mtengo wa papepala. Ukapita ku banki kukapempha dola yogulira galimoto amakuuza kuti ulembe kalata udikire, ndipo amene safuna kudikira amakagula kumbali pamtengo umene sindiulemba pano. Ogulitsa magalimoto m'mphepete mwa misewu yathuyi mitengo yawo imatsata wakumbaliwo, ndipo sungawadzudzule, poti nawonso ayenera kukaitanitsa ina.

Nditaphatikiza zonse, Sienta yofika pakhomo inkatenga ndalama yoti n'kukonzera Corolla kangapo konse. Ndalama yoteroyo sinalipo. Inali ya ngongole ya ku banki, ya chiwongoladzanja chimene chimakutsata mpaka kutulo, kapena kugulitsa kapuloti kathu ka ku Njewa.

Apa m'pamene ndinaona polakwika pa masamu a alamu. Ine sindinali wogulitsa galimoto. Ndinali munthu wofunika kufika kuntchito, kusiya ana kusukulu ndi kupita ku Dedza kwa zaka zingapo zikubwerazi. Choyenera kuyerekeza chinali ndalama yokonzera iyi ndi ndalama yopezera ina yogwira ntchito yomweyo. Komabe mtima sunakhazikike, chifukwa funso la zipupa lija linali lisanayankhidwe. Kukonza n'kotchipa, inde, koma bwanji ngati ndikonza injini lero, mawa giyabokosi, mkuja china?

M'dzenje ku Biwi

Amakaniko anga ndi bambo achikulire, a imvi za m'ndevu, omwe galaja yawo ili m'kati mwa Biwi, kumene ukalowa umamva hamala mbali zonse. Sakonda zoyankhula zambiri. Ndinapita ndi funso limodzi: ovaholo, kumasula injini yonse n'kusintha zotha, ndi ndalama zingati?

Sanandiyankhe. Sanatsegule n'komwe boneti. Anauza mnyamata wawo kuti aikweze galimoto pa piti, dzenje loonera galimoto kunsi, iwo n'kutenga tochi ndi kahamala kakang'ono.

"Tsikani kuno, achimwene. Malaya anuwo adzachapidwa."

Ndinatsika. Kwa zaka zonse zomwe ndayendetsa galimotoyi, ndinali ndisanaione kumimba. Kunali fumbi lofiira la ku Dedza litamatirira paliponse, ndipo pansi pa injini panali bii ndi oyilo wosakanikirana ndi dothi. Iwo anayamba kutsogolo, kugogoda zitsulo ziwiri zazitali zija zimene zimanyamula injini. Ngwe, ngwe. Anasunthira m'mbali, pansi pa zitseko, pamene pamagwira jeke. Ngwe. Anakanda dothi ndi sikuludiraiva pamene pamangidwa miyendo yakumbuyo, n'kuunikirapo nthawi yaitali. Pansi pa dothilo panatuluka penti yakuda ya ku fakitale, yosalala.

"Gwirani apa." Anatenga chala changa n'kuchiyendetsa pa mzere wa timadontho tozungulira m'mphepete mwa chitsulo. "Uku n'kuwotcherera kwa makina a ku Japan. Timadontho tonse n'tofanana, kutalikirana kwake n'kumodzi. Galimoto ikanakhala kuti inachitapo ngozi yaikulu, apa mukanapeza kuwotcherera kwa ife, kwa mabampu. Iyi sinapindikepo."

Pamalo amodzi pokha hamala inalira mosiyana, phu, phu. Munali m'chibowo cha sipeya tayala, momwe madzi ankalowa kudzera pa labala yakutha ya buti. Anabayapo ndi sikuludiraiva, dzimbiri n'kuyoyokera pa phewa langa. "Apa ndi pongodula n'kuikapo chigamba. Sipanyamula kanthu."

Titatuluka m'dzenjemo m'pamene anati, "Tsopano tikambe za injini. Ndikanapeza kuti pansi paola, bwenzi nditakuuzani kuti musawononge ndalama. Injini imagulidwa, giyabokosi imagulidwa, mashoko ali mbwee pa Malangalanga. Thupi ndiye siligulidwa."

Anandifotokozera kuti magalimoto a kuno ku Lilongwe amakalamba mwa mtundu wina. Kulibe mchere. Chimene chimawapha ndi fumbi, mabampu, maenje ndi oyilo wosasinthidwa. Pamene ku Japan, makamaka kumpoto kumene kumagwa chipale chofewa, amathira mchere m'misewu, ndipo galimoto ikhoza kufika kuno ikuwala pamwamba, pansi itadyeka. Chithunzi cha pa foni sichionetsa zimenezo.

Kenako anachotsa mapulagi onse anayi, n'kulumikiza geji pa silinda yoyamba. Mnyamata analiza sitata, singano inakwera n'kuima. Analemba nambala ndi choko pakhoma. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Yachitatu inali yotsika kwambiri. Anathiramo kaoyilo pang'ono pa bowo la pulagi n'kuyesanso, singano n'kulumpha.

"Mwaona? Oyilo watseka mpata umene maring'i a pisitoni akusiya. Ikanakhala mavavu, singano sikanasuntha. Ndi maring'i atopa, basi. Utsi wanuwo ndi wabuluu, woti oyilo akupsa. Ukanakhala woyera wosatha, bwenzi tikunena za madzi ndi gasiketi. Wakuda ndi mafuta ochuluka. Iyi sinatenthepo, eti?"

Ndinati ayi, singano ya kutentha sinadutsepo pakati.

"Ndiye ndi ukalamba chabe. Si matenda."

Kuseri kwa galaja

Ndinawafunsa za Sienta, poti ndinkafuna kukanena zoona kunyumba. Sanainyoze. Anati injini yake, 1NZ, ndi yolimba kwambiri, ya tcheni osati lamba, ndipo n'chifukwa chake a mataxi aikonda. Koma anati ndiwatsate kuseri.

Kuseriko kunali magalimoto angapo atafoleredwa ndi fumbi, ena matayala ataphwa. Onse anali aang'ono kwa Corolla yanga ndi zaka khumi kapena kuposa. Analoza imodzi: giyabokosi ya CVT. Ina: CVT. Ina ya hybrid, ikudikira batire yaikulu ija yapansi pa mpando. Ina inkangozima yokha, ndipo anali atasintha kale masensa awiri mwini wake asanatope.

CVT ilibe magiya a mano ngati amene tinazolowera. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo imafuna oyilo wakewake. Wina akathiramo oyilo wa otomatiki wamba, kapena oyilo wake akakhalitsa osasinthidwa, kapena ikamanyamula anthu asanu ndi atatu ndi matumba kukwera mapiri, imayamba kulira, kenako kunjenjemera ponyamuka, kenako zii. Amakaniko ambiri kuno saitsegula. Amangoti gulani ina yathunthu, ndipo inayo ndi ya dola.

"Sindikuti zonse zimafa," anatero. "Zambiri zikuyenda bwinobwino mumsewumu. Koma inu mukagula, simukudziwa kuti ya inuyo ndi iti. Makilomita olembedwa pa dashibodi amabwezedwa ndi laputopu. Dalaivala woichotsa ku Dar amafuna afike msanga akatenge ina. Iyi mwaiyendetsa nokha, oyilo mwasintha nokha, mukudziwa chilichonse chimene chinaichitikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene."

Ndinachoka pa galajapo ndi dzimbiri m'kolala, koma funso langa linali litasintha. Ndinapita ndikufunsa ngati galimoto yakale ndi yoyenera kuiwonongera ndalama. Ndinabwerako ndikudziwa kuti pa magalimoto awiriwo, yanga ndi imene ndinali nditaiona pansi ndi maso anga. Yatsopano imene tinkaikamba pakhomo sinali yatsopano ayi. Inali galimoto ya zaka zoposa khumi ya munthu wina. Ku Japan galimoto imayesedwa mokhwima ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera. Eni ake akaona kuti kuisunga kwayamba kudula, amaitaya, ife n'kuilandira ndi nthungululu. Mwa njira imeneyi ndi mmene Corolla yanganso inabwerera kuno.

Pamene mayi akunyumba ananena zoona

Nditafotokoza zonsezi madzulo, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zamveka. Nanga tikawombana ndi minibasi pa Nathenje, timadontho tanu ta ku Japan tidzatiteteza?"

Apa ndinalibe yankho lokoma, ndipo mpaka pano ndilibe. Galimoto ya 1998 inapangidwa ndi nzeru za nthawi imeneyo. Zatsopano zimapindika mwa dongosolo pa ngozi kuti anthu am'kati apulumuke, zina zili ndi ma airbag m'mbali, zina zimadziwongola zokha zikayamba kuterereka. Palibe makaniko wa ku Biwi amene angaike zimenezi mu 110. Amene amayenda mu M1 sabata ndi sabata, makamaka usiku pakati pa mathiraki, akaganiza zosintha galimoto pa chifukwa chimenechi ine sindingamutsutse. Anthu okonda magalimoto akale amakonda kuidumpha nkhaniyi, n'kumati zitsulo zakale n'zolimba. Chitsulo cholimba chimapulumutsa galimoto, osati munthu.

Za mafuta nazonso ananena. Petulo anafika pa K2,530 lita mu November 2023 ndipo sanalekere pomwepo. Mnzawo wa kuntchito ali ndi Daihatsu Mira, ka injini ka 660cc, ndipo malita amene ife timathera pakati pa sabata iye amadutsa nawo sabata yonse. M'masiku a mizere ya mafuta, pamene tinkagona m'magalimoto pa filling station kudikira thanki imene mwina ibwera, kusiyana kumeneko kunkaoneka. Koma Mira siingafike kwathu mu February ndi anthu asanu ndi matumba, ndipo Sienta kamwedwe kake sikasiyana kwambiri ndi Corolla yokonzedwa bwino moti n'kubweza mamiliyoni aja. Pa mfundo iyi ndinapambana ndine.

Za kilachi ndi mwendo wawo, sindinayese n'komwe kutsutsa.

Kutsegula kapena kugula ina

Panatsala kusankha pakati pa ovaholo ndi kugula injini ina yogwiritsidwa kale ntchito, zija zimabwera m'makontena n'kuunjikidwa m'mashopu. Injini yotere ubwino wake ndi changu: kutsitsa iyi, kukweza iyo, mawa lake galimoto ikuyenda. Koma ma 5A onse ndi okalamba tsopano. Imene ili m'shopuyo ndi msinkhu umodzi ndi yanga, yatsukidwa bwino kunja, ndipo gerenti yake ndi ya masiku ochepa. Komanso nambala ya injini inalembedwa m'mabuku a Road Traffic, ndiye kusintha kumatanthauza kuyendanso m'maofesi. Tinasankha kutsegula yathu yomwe.

Tsiku limene anaimasula ndinapita kukaona. Zonse anaziyala pa chiguduli mwa ndondomeko, mapisitoni anayi atawalemba manambala. Maring'i a oyilo anali atamatirira m'mipata yawo ndi makala olimba, ndipo timabowo tobwezera oyilo pansi tinali titatsekeka. Amakaniko analowetsa chikhadabo changa pamwamba pa silinda, pamene pisitoni imalekezera, ndipo chinakola pa kamzere. Kamzere kameneko ndi muyeso wa chitsulo chimene chadyeka kuyambira 1998. Buloko inapita kwa a engineering kukakulitsa mabowo kuti mulowe mapisitoni okulirapo ndi 0.50mm. Kirankishafiti ataiyeza anapeza kuti ikungofunika kupukuta. Hedi anaisalaza pang'ono n'kuika tizisilo tatsopano ta mavavu.

Nkhondo yeniyeni inali pa masipeyala. Gasiketi imodzimodzi umaipeza pa mitengo itatu, mabokosi onse atalembedwa mofanana, wogulitsa aliyense akulumbira kuti yake ndi orijino. Ovaholo zambiri zimene anthu amadandaula nazo kuti zinangotha miyezi itatu, chinazipha ndi apa, kapena makaniko amene anangosintha maring'i osayeza silinda. Ine ndinkapita kukagula limodzi ndi amakaniko, iwo n'kumatsegula bokosi, kupinda gasiketi pang'ono, kuyang'ana m'mphepete mwa maring'i. Zina ankangobweza osanena chifukwa. Lamba wa taiming'i, amene pa injini iyi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, tinagula wodula, pamodzi ndi pampu ya madzi, poti zonse zili malo amodzi ndipo kutsegulanso n'kulipira kawiri.

Chimene ndinaona polipira n'chakuti pafupifupi theka la ndalama linapita kwa anthu a pompano: amakaniko, anyamata awo, a engineering, wowotcherera chigamba cha m'buti. Imeneyo ndi ntchito ya manja, ya kwacha, ndipo siidumpha tsiku limene dola yadumpha. M'mayiko amene makaniko amalipidwa pa ola, ovaholo ya galimoto ngati iyi ndi misala, n'chifukwa chake malangizo ambiri a pa intaneti amati itayeni. Malangizowo analembera anthu a kumeneko.

Kotesheni inakwera, monga zimakhalira. Injini ikatsika umaona kuti kilachi yatsala pang'ono, mamaunteni ang'ambika, payipi ya rediyeta yafufuma. Tinasintha zonsezo. Pa mabuleki, mashoko, mabushi ndi matayala anayi mayi akunyumba ananenetsa kuti pasakhale kunyengerera, ndipo malamba akumbuyo omwe anali atalowa pansi pa mpando anatulutsidwa. Penti tinaisiya. Alamu anati ndi manyazi kuwononga ndalama zonsezo galimoto n'kumaonekabe chimodzimodzi. Kwa ine zili bwino choncho. Akuba masaidi mirra ndi mabatire m'tauni muno amayamba ayang'ana zonyezimira.

Mmene tinagwirizanirana

Kwa milungu ingapo tinali a minibasi ndi kabaza, ndipo ana anadandaula mokwanira. Itatuluka, amakaniko analamula kuti makilomita 1,000 oyamba ndisaithamangitse, ndisainyamulitse katundu, kenako ndibwere tidzataye oyilo woyambayo pamodzi ndi fyuluta. Ulendo woyamba wa ku Dedza ndinayenda ngati wonyamula mazira, mabasi akundiimbira mahutala pa Kamphata. Pobwera ndinasolola dipisitiki, oyilo ali pomwe anali. COF inadutsa popanda wondifunsa za utsi.

Pakhomo mlandu sunathe ndi chigonjetso cha munthu. Mayi akunyumba anavomera ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, ndalama imene tikanamabweza ku banki mwezi ndi mwezi tikanatenga ngongole, theka lake lizipita pambali, ndipo buku lake asunga ndi iwo. Ndinawauza kuti kwacha yosungidwa imasungunuka, iwo anati adziwa chochita nayo ku banki mkhonde, ndisavutike. Yachiwiri, chinthu chachikulu china chikadzafa, kapena dzimbiri likadzafika pa zitsulo zonyamula, sipadzakhalanso msonkhano. Ndipo yobwerayo idzakhala ya otomatiki, ndipo tisanalipire idzayamba yakwera pa piti.

Alamu sanasiye kutumiza zithunzi. Sabata yatha inali Freed yakuda.

Chitseko chakumbuyo chija chikadali chotsegukira kunja. Kachingwe kake sikanapezeke. Nditapita kukataya oyilo woyamba uja, amakaniko anaimvetsera injini nthawi yaitali atatsamira pa fenda, kenako anati tsiku limene mayi akunyumba adzapambane, galimotoyi ndisaitsatse pa Facebook, ndiyambe ndawaimbira iwo. Ndinawafunsa kuti angapereke zingati. Anati tidzakambirana ikadzafika nthawi yake, n'kuuza mnyamata kuti atseke boneti.